Kukumana ndi kukumanitsidwa

Tiyeni tiyambe ndi mawu akuti kukumana, amene ena amawatchula kuti kukomana. Kumapeto kwake kuli -ana, kachidutswa komwe timakamvanso mu kudziwana, kupikisana ndi kudana, kumene kudachokera mdani. Ntchito yake ndi kusonyeza kuti chinthucho chikuchitika mbali zonse ziwiri. Munthu sakumana yekha.

Malo okumaniranawo ndi bwalo. Ku Nzama, m'dera la Inkosi Njobvuyalema, mawu amodzi omwewa amatchula poweruzira milandu, povinira ngoma ndi posewerera mpira. Nchifukwa chiyani milandu ndi masewera zikhalira dzina limodzi? Ndiganiza kuti nchifukwa chakuti ponseponse pali mwini wake, pali malamulo, ndipo wolakwa lero mawa adzaonananso ndi anthu omwewo. Ngakhale pa bawo, dzina lochokera ku Chiswahili lotanthauza thabwa, amene wakudyera nyumba yonse umamutchabe mnzako.

Masewera a pa intaneti nawo adayamba ndi mabwalo. M'masiku a Quake, yemwe adatuluka mu 1996, ndi Counter-Strike pambuyo pake, osewera ankadzitsegulira okha server, kompyuta yolandira anthu, ndipo mwini wake ankatha kuthamangitsa wachinyengo kapena wamwano. Ankabwera ndi omwewomwewo usiku uliwonse mpaka kudziwana maina ndi makhalidwe.

Tsopano onjezani -its- pa mawu aja: kukumanitsa. Palowa wachitatu, wochititsa. Onjezaninso -idw-: kukumanitsidwa. Wosewera uja wasanduka wochitiridwa. Umu ndimo Halo 2 idazoloweretsera anthu mu 2004: udina batani, makina ayeza luso lako nakupezera wofanana nawe, ndipo masewera akatha aliyense alowera kwake. Pamene Call of Duty: Modern Warfare 2 idatuluka mu 2009 popanda ma server a osewera, ambiri a pa kompyuta adadandaula kwambiri.

Kunena zoona, njirayi ili ndi ubwino wake. Sudikira, ndipo wongoyamba kumene sagwera m'manja mwa akatswiri. Bwalo nalo lili ndi zovuta zake: mwini amakondera, mlendo amayamba wasekedwa. Koma chinenero chathu chidaikiratu malire. Timati anthu adziwana, azolowerana, akhululukirana, ndipo zonsezi zimafuna kuonananso mawa. Makina amene amakupatsa munthu watsopano pa masewera aliwonse angakupezere wopikisana naye woyenera, koma mnzako sangakupezere.