Kodi pinki wowala wa m'nyumba za ku Ulaya adachokera kuti?

FUNSO: Mwana wanga amakhala ku Manchester. Akuti ikangofika Epulo, masitolo amadzaza ndi makushoni, makatani ndi mbale za pinki wowala, anthu n'kumagula kukakongoletsera m'nyumba. Kodi zidayamba bwanji, nanga amadikiriranji mwezi umenewu? — Mayi wa ku Zomba

YANKHO: Mayi, tiyambe ndi nyengo. Ku England mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, mitengo ili yoyoyoka masamba, kumwamba kuli mbuu. Kale anthu ankaotha malasha okumba pansi, mawindo ali chitsekere miyezi yonse yachisanu, moti makoma ndi makatani ankada ndi mwaye. Kukangoyamba kufunda ankatsegula mawindo, kukwecha nyumba yonse, n'kuchotsa nsalu zolemera kuikapo zopepuka. Imeneyi ndi nthawinso imene mitengo ya matcheri imachita maluwa apinki m'misewu. Mwaye udatha, koma chizolowezi chidatsala, ndipo amalonda adachigwiritsa ntchito.

Pinki weniweniyo ali ndi mbiri yake. Kale utoto wofiira wonyikira nsalu unkachokera ku mizu ya chomera cha madder, kapena ku tizilombo ta cochineal ta ku Mexico, timene ankatikokota pa zomera zaminga, kutiyanika, n'kutipera. Wa tizilombowo unali wodula zedi. Pinki anali wa anthu ngati Madame de Pompadour, wokondedwa wa mfumu Louis XV ya ku France, amene ankathandiza fakitale ya mbale zadothi ya ku Sèvres. Mu 1757 fakitaleyi idatulutsa mbale zapinki zimene mpaka lero zimadziwika ndi dzina lake.

Zidasintha chifukwa cha malungo. Mu 1856 mnyamata wa zaka 18 wa ku London, William Henry Perkin, ankayesa kupanga kwinini, mankhwala a malungo, kuchokera ku phula la malasha. Kwinini sadatuluke. M'botolo mudatsala zinthu zakuda zonata, ndipo pozitsuka ndi sipiriti adaona zikusungunuka n'kukhala utoto wapepo. Ena adatsata njira yomweyo, ndipo pofika 1859 François-Emmanuel Verguin wa ku Lyon adali atapeza utoto wa pinki wakuthwa, wolowera kupepo, umene udatchedwa magenta. Apa m'pamene ndikuona kuti padagona nkhani yonse: mtundu umene udali wa kunyumba yachifumu tsopano unkaphikidwa m'migolo, ndipo mkazi wa kalaliki adatha kugula nsalu yake.

Wotchukitsa pinki wowalayu adali Elsa Schiaparelli, mayi wa ku Italy wokonza masitayilo a zovala ku Paris. Mu 1937 adatulutsa perefyumu yotchedwa Shocking m'bokosi la pinki wothobwa m'maso, ndipo mtunduwo udafalikira ku madiresi ndi zipewa. Ku America, Mamie Eisenhower atalowa ku White House mu 1953 adakongoletsa zipinda ndi pinki wozizira, mabanja ambiri n'kutengera mpaka matailosi a kubafa.

Azungu amaika pinki pang'onopang'ono, khushoni pano, mbale apo, chifukwa m'chipinda chosalowa dzuwa pinki wambiri amatopetsa maso. Kumene dzuwa limaswa mtengo anthu sachita naye mantha. Katswiri womanga nyumba Luis Barragán adapaka makoma athunthu pinki m'nyumba yake ya mu 1948 ku Mexico City, ndipo UNESCO idaiika m'gulu la malo otetezedwa mu 2004. Ine ndili kumbali yake, poti dzuwa la kwathu kuno likufanana ndi la ku Mexico kuposa la ku Manchester. Mwana wanu akakutumizirani makushoniwo, musawaike pawindo kapena pakhonde: dzuwa lomwelo limasuwitsa nsalu yapinki msanga, ndipo pochapa muziyanika pamthunzi mutatembenuza.