Mau a Cingelezi Amene Anautsa Mlandu

Timu ya mpila ikagonja, mumamva ena akuti wapagolo amusandutsa "scapegoat," ndiye kuti munthu amene amusenzetsa zolakwa za onse. Kodi mudziwa kuti liu limeneli linacokela m'Baibulo? Pa Levitiko 16 timawelenga za mbuzi imene mkulu wa ansembe anali kuululilapo macimo a Aisiraeli, kenaka nkuipitikitsila kucipululu. Cingelezi cinalibe dzina la mbuzi yotele kufikila mu 1530, pamene William Tyndale analumikiza "scape," kuthawa, ndi "goat," mbuzi. Ndiyenso anapanga liu lakuti "Passover," limene ife timati Paska.

Tyndale anali wansembe wa ku England, wophunzila pa Oxford. M'masiku ake Baibulo linali kuwelengedwa m'Cilatini, cinenelo cimene mlimi wamba sanali kucimva, ndipo lamulo la mu 1409 linaletsa kulimasulila m'Cingelezi popanda cilolezo ca bishopu. Mu 1523 iye anakapempha thandizo kwa bishopu wa London, Cuthbert Tunstall, koma anabwelako cimanjamanja. Anaolokela ku Germany, ndipo mu 1526 Cipangano Catsopano cake cinasindikizidwa mu mzinda wa Worms. Amalonda analowetsa mabukuwo mu England mobisa, m'mitolo ya nsalu. Mabuku amene anapezeka anatenthedwa poyela.

Mwina muganiza kuti mkangano unali pa nkhani zozama zimene inu simungazimve. Iai, mbali yaikulu unali pa mau ocepa cabe. Mu 1529 Sir Thomas More, munthu wophunzila kwambili amene caka comweco anakhala nduna yaikulu ya Mfumu Henry VIII, analemba buku lotsutsa kamasulilidwe ka Tyndale.

Liu loyamba linali la Cigiriki lakuti "ekklesia." Angelezi anazolowela kunena "church," liu limene nalonso gwelo lake ndi Cigiriki, lotanthauza nyumba ya Ambuye. Ndiko kunacokela "chalichi" cathu. Koma Tyndale analemba "congregation," anthu osonkhana. Anali ndi cifukwa cake. Kwa Agiriki "ekklesia" unali msonkhano wa anthu a mu mzinda, ndipo pa Macitidwe 19 liu lomwelo likuchula khamu limene linacita phokoso ku Efeso. More anaona kuti ngati "ekklesia" ndi anthu osonkhana cabe, ambili adzayamba kufunsa kumene mabishopu anatenga mphamvu zao. Ife olankhula Cinyanja pano tili ndi mwai: mwana aliyense adziwa kuti chalichi timaphomela ndi kusesa, koma mpingo ndi anthu.

Liu lina linali "presbyteros." Tyndale anakana kulemba "priest," wansembe. Poyamba analemba "senior," pambuyo pake nasintha kukhala "elder," mkulu. Coseketsa ncakuti "priest" yemweyo ndi "presbyteros" amene anafupika m'kamwa mwa anthu pakupita kwa zaka. Anakangananso pa "love," cikondi, cimene Tyndale anaika m'malo mwa "charity," ndi pa "repent," kulapa, m'malo mwa "do penance."

Anthu awiliwa sanaone ukalamba. More anadulidwa mutu mu July 1535 cifukwa cokana kuvomela kuti Henry VIII ndiye mutu wa mpingo mu England. Caka comweco Tyndale anagwidwa ku Antwerp, atapelekedwa ndi Henry Phillips amene anali kudya naye mbale imodzi. Anamupeza ndi mlandu wa ziphunzitso zosokeletsa, ndipo mu October 1536 anamupotola khosi ndi kutentha mtembo wake ku Vilvoorde, pafupi ndi Brussels.

Baibulo la King James, limene ena a inu mumanyamula popita ku msonkhano wa acinyamata, linatuluka mu 1611. Omasulila ake anapatsidwa lamulo lakuti asunge "church," asalembe "congregation." Anamvela. Koma mukatsegula Levitiko 16 mudzapeza "scapegoat" wa Tyndale ali pomwepo, ndipo pa Macitidwe 14 mupeza "elders," osati "priests," akuikidwa m'mipingo.