Dom Paulo Mandlate, Episkopi wa Tete m'zaka za nkhondo

Dayosizi ya Tete inakhazikitsidwa m'caka ca 1962, ndipo maepiskopi ake awiri oyamba anali Apwitikizi. Mwana wa dziko lino woyamba kukhala pa mpando umenewu anali Dom Paulo Mandlate, amene anabadwa mu 1934 ku Gaza, kutali kwambiri ndi mapiri athu ano. Anali wansembe wa m'cipani ca Sakramenti Loyera, ndipo anadzozedwa uepiskopi mu 1976, dziko litangotha caka cimodzi lili pa ufulu.

Mpingo anaupeza uli pa mavuto. Mu Julho 1975 boma linali litatenga masukulu ndi zipatala za mamishoni, ndipo mamishoni a kuno kumapiri, Lifidzi ndi Fonte Boa, sanatsale. Ansembe ndi masisitere ambiri acizungu anabwerera kwawo. Episkopi watsopanoyo anatsala ndi dera lalikulu, loyambira ku Zumbo mpaka ku Mutarara, koma ansembe owerengeka.

Njira inapezeka ku msonkhano wa mpingo wonse wa Mozambique umene unacitikira ku Beira mu 1977. Anagwirizana kuti mpingo uzikhala m'makomunidade ang'onoang'ono a m'midzi, amene anzathu a ku Malawi amati miphakati. Akatekisita ndi akuluampingo ndiwo ankatsogolera mapemphero a Lamulungu, kuphunzitsa ana ndi kuika maliro. Wansembe ankangofika mwa apo ndi apo, msewu ukalola.

Kenaka nkhondo inafika. Pa 30 Outubro 1985, ansembe awiri a cipani ca Yesu, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa kuno ku Angónia, ndi Bambo Sílvio Moreira, anatengedwa usiku ku Chapotera pafupi ndi Lifidzi n'kuphedwa. Midzi ya ku Tsangano ndi ku Macanga inasanduka mabwinja. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi a dziko lino anathawira ku Malawi. Enafe tinali ana pamenepo, ndipo katekisimu tinaphunzirira kutsidya, ku Ntcheu, kwa akatekisita omwe tinathawa nawo limodzi.

Zaka zonsezi Dom Paulo anakhalabe Episkopi wa Tete. Pamodzi ndi maepiskopi anzawo ankalemba makalata opempha boma la Frelimo ndi Renamo kuti akhale pansi akambirane, pa nthawi imene mawu otere sankalandiridwa bwino. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, ndipo mmodzi wa ankhalapakati anali Dom Jaime Gonçalves wa ku Beira. Anthu atabwerera anapeza nyumba zopemphereramo zina zilibe madenga, koma makomunidade anabwera nawo amoyo, ndipo ndi pamenepo kumanganso kunayambira.

Dom Paulo anapuma pa udindo mu 2009, atatumikira zaka 33, ndipo anamwalira mu Agosto 2019. Pambuyo pawo panabwera Dom Inácio Saure, kenaka Dom Diamantino Antunes.

Mbiri ya episkopiyu inalembedwa. Imene isanalembedwe ndi ya akatekisita a m'midzi yathu, amene anasenza mabuku a mapemphero pamutu powoloka malire. Ambiri anapita kale, otsalawo ndi okalamba. Ngati m'mudzi mwanu muli agogo otere, khalani nawo pansi, muwafunse, mulembe zimene anene.