Ntchito yolemba mapulogalamu a ndege

Iyi ndi ntchito ya akatswiri a kompyuta amene amalemba malangizo oyendetsa ndege, madroni ndi zida zankhondo. Ambiri amagwiritsa ntchito zilankhulo za kompyuta monga C, C++ ndi Ada. Pulogalamu ya m'ndege imayesedwa mobwerezabwereza motsatira muyezo wa DO-178C, chifukwa cholakwika chimodzi chokha chingagwetse ndege. Nthawi yambiri imathera pa kuyesako, kulemba kwenikweni kumachepa.

Kum'mwera kwa Africa kuno, kampani yodziwika pa ntchitoyi ndi Denel ya boma la South Africa, yomwe inakhazikitsidwa mu 1992 ndipo inapanga helikopita yankhondo ya Rooivalk. Cha m'ma 2020 kampaniyi inkalephera kulipira antchito malipiro athunthu, moti akatswiri ambiri anaisiya. Komanso mlendo savomerezedwa wamba pa ntchito zokhudza chinsinsi cha asilikali.

Kwa wachinyamata wa ku Mongue kapena ku Milange, khomo lapafupi ndi la madroni a ku Malawi. Mu 2017 boma la Malawi ndi UNICEF anatsegula malo oyesera madroni ku Kasungu, otambalala makilomita 40 mbali zonse kuchokera pabwalo la ndege. Mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba ku Lilongwe mothandizana ndi Virginia Tech ndi yunivesite ya MUST ya ku Thyolo. Madroni a ku Malawi akhala akunyamula mankhwala ndi kujambula madera osefukira madzi.