Maluwa a Dzinja Tisawatche a Chilimwe

Malangizo a kadzalidwe ka maluwa ayamba kulembedwa m'Chichewa, ndipo zimenezi n'zokondweretsa. Chodandaulitsa n'chakuti ambiri mwa malangizowo ndi ongotembenuza kuchokera ku Chingerezi liwu ndi liwu. Mupeza chiganizo chonga ichi: "Dzalani mababu a chilimwe pamodzi ndi zomera zosatha zoyenda nazo." Mawu onsewo ndi athu, koma palibe mlimi angamve zomwe akuuzidwa, ndipo woyesa kutsatira adzawononga mbewu yake.

Vuto lalikulu lagona pa nyengo. Chaka chathu chili ndi dzinja, masika, chisanu ndi chilimwe. Dzinja ndi nthawi ya mvula, kuyambira chakumapeto kwa Novembala mpaka Malichi kapena Epulo. Masika ndi pamene zakumunda zacha, anthu akudya mondokwa ndi maungu, kenako n'kukolola. Chisanu chimakula mu Juni ndi Julayi, mwera ukuwomba panyanja, chiperoni chikuwaza ku Thyolo ndi ku Mulanje. Chilimwe ndi ng'amba: dzuwa la Okutobala, fumbi, tchire lopsa, zitsime zophwa.

Ku England nyengo yotentha ndiyonso nyengo yomwe zomera zimakula. Womasulira wosasamala amangoona kutenthako n'kulemba kuti chilimwe, ndipo nyengo yawo yozizira amaitcha dzinja. Koma chomera cha kuno sichiwerenga kutentha kokha, chimadikira madzi. Ku London gladiolus amadzalidwa pakati pa Malichi ndi Meyi, n'kuchita maluwa mu Julayi ndi Ogasiti. Kwathu kuno wachibale wake wakutchire, Gladiolus dalenii, yemwe ndi mmodzi mwa makolo a mitundu yogulitsidwa m'masitolo, amamera yekha m'maudzu a kumapiri monga ku Zomba ndi ku Nyika, ndipo maluwa ake amaoneka mvula ili mkati. Scadoxus multiflorus, duwa lofiira lobulungira lija, limatumphuka ndi mvula yoyamba, ena asanamalize n'kugalauza komwe. Amenewa ndi maluwa a dzinja. Mukamuuza munthu wa ku Dedza kuti ndi a chilimwe, adzawakwirira mu Ogasiti m'dothi louma, n'kumatunga madzi miyezi itatu popanda chifukwa.

Abale athu okhala ku Cape Town akudziwa kuti kumeneko mvula imagwa m'chisanu, cha mu Juni mpaka Ogasiti, ndipo maluwa a komweko monga freesia amakula nthawi imeneyo. Choncho ngakhale liwu loona likhoza kusokeretsa ngati sitinena malo. Wolemba wosamala atchule mwezi, atchule dera, ndipo koposa zonse anene za mvula: "mvula yodzalira ikagwa", "mvula ikasiya", "chizimalupsa chikadutsa". Umu ndi mmene alimi amawerengera nthawi, ndipo sasokera.

Nanga babu? Kwa Mchewa babu ndi lagalasi, limayaka ndi magetsi, likapsa timagula lina pagolosale. Palibe amene amalikwirira pansi. Chomwe Chingerezi chimaunjika pa liwu limodzi, ife tili nacho kale m'dimba mosiyanitsa bwino. Amaryllis ndi crinum ali ndi anyezi pansi, wa zikhungu zokutana. Gladiolus ali ndi kachinthu kolimba konga koko. Dahlia, yemwe kwawo ndi ku Mexico, amabereka tonga mbatata. Canna amayala tsinde lake pansi monga amachitira jinja. Tikanena motere, wowerenga adziwiratu kuya kwa dzenje, mbali yoloza kumwamba, ndiponso kuti madzi akachuluka chinthucho chiwola.

Apa pafunika kusamala kwambiri, ndipo sindinena mongodutsa. Mayina amenewa ndi a zakudya. Anthu a kuno amakumbadi zam'nthaka n'kudya, monga chinaka cha kumpoto, chomwe ku Zambia amati chikanda. Koma Gloriosa superba, duwa lofiira ndi chikasu lomwe ndi chizindikiro cha dziko la Zimbabwe ndipo limameranso m'tchire mwathu, lili ndi poizoni wotchedwa colchicine, ndipo muzu wake wonenepawo uli ndi poizoniyo wambiri. Munthu akadya akhoza kufa. Anyezi wa amaryllis nayenso ndi woopsa. Ndiye polemba tisamangoti "anyezi" kapena "mbatata" n'kusiya pomwepo. Tiziti "anyezi wa duwa, wosadyedwa", ndipo tiziwonjeza kuti asungidwe kutali ndi kukhitchini ndiponso ndi ana.

"Zomera zosatha" n'zosamveka. Moyo wosatha timaumva kutchalitchi, koma chomera chilichonse chimatha. Chomwe akufuna kunena ndi zomera zokhalitsa, zosachita kudzalidwa chaka ndi chaka, monga nthochi kapena nzimbe zomwe zimaphukiranso zikadulidwa.

"Zoyenda nazo" ndiye zondimvetsa chisoni, chifukwa nzeru yomwe akuivutikirayo ndi yathu yakalekale. Timati kasakaniza. Mayi wa ku Chiradzulu akadzala chimanga ndi nandolo m'munda umodzi amadziwa kuti nandolo amakula pang'onopang'ono, mizu yake imapita pansi kwambiri, salimbana ndi chimanga, ndipo chimanga chikachoka iye ndiye amatsala wobiriwira m'munda. Kusankha zomera zokhalitsa zosakaniza ndi maluwa a dzinja n'chimodzimodzi, ndipo tingakufotokoze m'Chichewa chomveka.

Maluwa amenewa mvula ikasiya amafota, masamba amachita chikasu, ndipo chomera chimagona pansi mpaka dzinja lina. Masambawo sadulidwa akadali aawisi, chifukwa ndi amene akutumiza chakudya kunsi. Timadikira aume okha, monga timadikirira anyezi kuti agwetse khosi. Ndiye pabedi pafunika zomera zina zoti zibise zofotazo ndi kutseka mpata. Koma zikhale zopirira ng'amba. Mukasakaniza ndi chomera chofuna kuthirira tsiku ndi tsiku mu Seputembala, madzi omwewo awoletsa zomwe zagona pansi. N'chifukwa chake agapanthus ndi tulbaghia, wonunkha ngati adyo uja, onse ochokera ku South Africa, amayenera bwino. Gazania amayala m'mphepete ndipo satchinga dzuwa. Alovera amakonda dothi losasunga madzi, lomwenso gladiolus amafuna. Gloriosa amakwera pogwira ndi nsonga za masamba ake, choncho amafuna chitsamba chapafupi choti ayanzirepo. Vetiva ndi wabwino poteteza nthaka, koma phata lake limakula, ndiye akhale kumalire. Kapinga musamulole n'komwe kulowa pabedi, amayanga n'kutsamwitsa zonse.

Ndime imeneyo sinasowe liwu la Chichewa, kupatula mayina a zomerazo. Mayinawo ndawasiya monga alili dala. Kupeka dzina la Chichewa la dahlia pa desiki sikuthandiza munthu amene akukagula mbande kwa ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu ku Lilongwe kapena ku Blantyre, poti wogulitsayo sadzalidziwa. Pamene duwa lakutchire lili ndi dzina m'dera lanu, funsani akuluakulu ndipo mulilembe pambali pa la sayansi, popeza mayina otere amasiyana boma ndi boma.

Aneni nawonso tisawaphwanye. Olemba ena chilichonse akuti "kudzala", pamene mlimi amasiyanitsa. Njere za gazania timafesa panazale. Mbande zikakula timawokera. Phata la agapanthus likathinana timaligawa. Zikamera mothithikana timapatulira, pomwe sizinamere timapakiza. Udzu timapalira kapena kuzulira, ndipo pabedi pomwe pagona maluwa a dzinja kuzulira ndi manja n'kwabwino kuposa khasu, lomwe lingathe kutema anyezi wosaoneka. Mvula ikasiya timaphimbira ndi udzu wouma kapena mapesi, n'kuzika kamtengo pamalo pomwe pali chogona, kuti wodzagaula mu Okutobala adziwe poti alambalale.