Inshuwaransi

Mawuwa tinabwereka ku Chingerezi, ndipo ena amalemba kuti inshuwalansi. Amatanthauza pangano loti munthu azipereka kangachepe kukampani mwezi ndi mwezi kapena pachaka, kuti tsoka lomwe agwirizana likamugwera, kampaniyo ilipire. Si banki nkhonde ayi: chaka chikatha popanda ngozi, nthawi zambiri ndalama zija sizibwerera.

Ambiri amawamvetsa bwino mawuwa tsiku lopuma pantchito. Kuyambira mu 2011, lamulo la penshoni m'Malawi limakakamiza olemba ntchito kugulira antchito awo inshuwaransi ya moyo yokwana malipiro a chaka chimodzi. Munthu akapuma, chitetezocho chimathera pomwepo. Khadi la chipatala la MASM lomwe kampani inkalipirira nalonso limafuna mwini wake ayambe kupisa m'thumba.

Kwa ine, ya chipatala ndiyo yoyamba kuigwiritsitsa, chifukwa shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimafuna mankhwala mwezi uliwonse, ndipo kuchipatala cha boma nthawi zina amangokulembera kapepala koti ukagule kufamase. Ya maliro imapepuza ana pa bokosi ndi thiransipoti yopita kumudzi. Ya galimoto, lamulo silifunsa zaka: bola ikuyenda pamsewu.