Wailesi ya Inshuwalansi Imene Inakuza Nyimbo za Country

Kum'mwera kwa mzinda wa Nashville ku America, pamalo otchedwa Brentwood, pali mlongoti wachitsulo wosongoka kunsi, wotakata pakati, wosongokanso kumwamba. Anauimika mu 1932, ndipo unali wautali mamita 268. Mu 1939 anaudulako kufika pa mamita 246 ataona kuti kutalikitsitsa kwake kunkasokoneza mawu m'madera ngati Chattanooga. Ndi mlongoti wa wailesi ya WSM. Ife amene tinakula tikumva Jim Reeves, Don Williams ndi Dolly Parton timadziwa kuti kwawo kwa nyimbo za country ndi ku Nashville, koma ine ndimati chimene chinapatsa mzindawo ufumu umenewu ndi chitsulo chimenechi, osati kuti oimba abwino ankabadwira kumeneko kokha.

Amene anakhazikitsa wailesiyi sanali anthu a zoimba. Anali a kampani ya inshuwalansi, National Life and Accident Insurance Company, imene inkagulitsa inshuwalansi yotsika mtengo kwa anthu osauka, azungu ndi akuda omwe, ndipo antchito ake ankayenda khomo ndi khomo mlungu uliwonse kukatolera timakobiri. Edwin Craig, mwana wa mmodzi mwa eni kampaniyo, anakakamiza akuluakulu kuti atsegule wailesi, ndipo inayamba kumveka pa 5 October 1925. Zilembo za WSM anazitenga ku mawu otsatsira malonda a kampaniyo, akuti We Shield Millions, kunena kuti amateteza anthu miyandamiyanda. Ku Chicago zinalinso chimodzimodzi: sitolo ya Sears inatcha wailesi yake WLS, kufupikitsa mawu odzitama kuti ndiyo sitolo yaikulu padziko lonse. Muulutsi akangotchula dzina la wailesi, anali atatsatsa kale malonda.

Ku WLS komweko ndi kumene a inshuwalansi anakatenga George D. Hay, muulutsi wodziwa bwino chimene chimakoka anthu. Pa 28 November 1925 iye anakhazika patsogolo pa maikolofoni mkulu wina wa zaka 77, Uncle Jimmy Thompson, kuti aimbe vayolini yake ya kumudzi. Matelegalamu opempha nyimbo anayamba kufika mkuluyo asanamalize n'komwe. Anthu apamwamba a mu Nashville, amene ankanyadira masukulu a ukachenjede a mumzinda wawo, ananyansidwa nazo; kwa iwo zinali zachimidzimidzi zochititsa manyazi. Hay sanabwerere m'mbuyo. Mu 1927 pulogalamu ya Loweruka usikuyo anaipatsa dzina loti Grand Ole Opry, ndipo chimidzimidzi chomwecho anachisandutsa malonda. Humphrey Bate anali dokotala wophunzira ku Vanderbilt, koma gulu lake loimba Hay analitcha Possum Hunters, osaka tinyama ta kutchire. Oimba amene ankabwera atavala masuti ankawajambula ali mu ovololo ndi zipewa za kumunda. Pakati pa oimba okondedwa kwambiri zaka zoyambirirazo panali DeFord Bailey, munthu wakuda woimba harmonica, amene ankatha kutsanzira kulira kwa sitima ya pamtunda ndi kachida ka pakamwako. Anam'chotsa mu 1941, ndipo anakhala zaka zambiri akupukuta nsapato za anthu mumzindamo. Zimandipweteka kuti chithunzi chimene ankagulitsa chinalibe malo a munthu amene anathandiza kuchimanga.

Dzina lokoma silikanapita patali popanda mphamvu yolinyamula. Mu 1928 boma la America linagawanso malo a mawailesi, ndipo mawailesi ochepa anapatsidwa mpata wawowawo, woti usiku wailesi ina iliyonse isalankhulepo. WSM inapatsidwa nambala 650 pa AM, ndipo mu 1932 inaloledwa kuulutsa ndi mphamvu ya mawati 50,000. Masana mawu a AM amayenda chokwawa ndi nthaka n'kuthera pamtunda wa makilomita mazana ochepa, chifukwa amene akwera kumwamba amamezedwa ndi mpweya wowombedwa ndi dzuwa. Dzuwa likalowa mpweya womezawo umazilala, mawu aja amakagunda m'mwamba kwambiri n'kubwerera pansi kutali zedi. Aliyense amene anapotokolapo wailesi ya mabatire usiku n'kumva zilankhulo za mayiko ena zikubwera ndi kuzimirira akudziwa zimene ndikunena. Choncho Loweruka usiku WSM inkamveka m'zigawo zambiri za America mpaka ku Canada.

Omvera ake ambiri analibe magetsi. Chapakati pa zaka za m'ma 1930, pafupifupi famu imodzi yokha mwa khumi ku America ndiyo inali nawo. Banja lokhala ndi wailesi linkasunga batire mlungu wonse kuti lidzamvere Opry, ndipo anansi ankadzaza pakhonde. Lolemba m'mawa wa inshuwalansi ankagogoda pakhomo lomwelo n'kudzitchula kuti wachokera ku kampani ya Grand Ole Opry. Munthu wotere sum'bweza pakhomo. Ndi mlendo amene wacheza kale m'nyumba mwako.

Kwa oimba, malipiro a pa Opry anali ochepa kwambiri. Phindu linali pa mphindi imene ankaloledwa kulengeza kumene akakaimbe mlungu wotsatira. Kumene mawu a wailesi ankafika n'kumene woimba ankapeza anthu olipira pakhomo, ndipo Loweruka ankayenera kukhala atabwerera ku Nashville. N'chifukwa chake oimba anasamukira kumeneko, ndipo malonda ena anawatsatira. Roy Acuff ndi Fred Rose anatsegula kampani yosindikiza nyimbo mu 1942. Situdiyo yoyamba yodziwika yojambulira malekodi mumzindamo, Castle, anaiyambitsa ndi mainjiniya a WSM, ndipo dzinalo analitenga ku dzina lina lodzitamandira la wailesiyo, Air Castle of the South.

Mawailesi ena amphamvu anali ndi madera awoawo. WWVA ya ku Wheeling, imene inayamba Jamboree yake mu 1933, usiku inkaponya mawu ake kumpoto chakum'mawa, ndipo inakondetsa nyimbo za country kwa anthu a ku New England ndi kum'mawa kwa Canada. KWKH ya ku Shreveport inayamba Louisiana Hayride mu 1948. Hank Williams ndi Elvis Presley anadzera pamenepo, ndipo Jim Reeves anayamba ngati muulutsi wa wailesiyo asanatchuke ndi kuimba. Panalinso John R. Brinkley, dokotala wachinyengo amene ankalonjeza kubwezera amuna mphamvu powaika ziwalo za mbuzi. Atam'landa chiphaso ku Kansas, anakamanga wailesi tsidya la malire, ku Villa Acuña m'dziko la Mexico, kumene lamulo la mawati 50,000 silinkagwira ntchito. Pa wailesi imeneyo, yotchedwa XERA, pakati pa malonda a mankhwala okayikitsa, banja la Carter linayamba kuimba mu 1938 n'kumveka pafupifupi m'dziko lonse la America.

Wailesi ya kanema ndi nyimbo za rock and roll zitabwera m'ma 1950, mapulogalamu oulutsa oimba akuimba pomwepo anayamba kufa, malekodi n'kulowa m'malo. Mu 1958 anthu a malondawa anapanga bungwe la Country Music Association, ndipo ntchito yake yaikulu inali kunyengerera eni mawailesi kuti aziika country tsiku lonse. Mu 1961 mawailesi otere anali 81 okha. Lero aposa 2,000. Usiku unatsalira oyendetsa mathiraki. Ralph Emery pa WSM ndi Bill Mack pa WBAP ya ku Fort Worth ankacheza nawo mpaka mbandakucha, ndipo dalaivala ankatha kudutsa zigawo zitatu osasintha wailesi.

FM ndiyo inasintha zonse. Mawu ake ndi oyera, koma amayenda mowongoka, ndipo amathera pamtunda wa makilomita pafupifupi 100, usiku ndi usana chimodzimodzi. Wailesi yomveka mumzinda umodzi sikufunanso dzina loti alikumbukire munthu wa kutali. Lamulo la 1996 litachotsa malire a chiwerengero cha mawailesi amene kampani imodzi ingakhale nawo m'dziko lonse, makampani ochepa anagula mawailesi mazanamazana, ndipo mayina ngati The Wolf, The Bull ndi Froggy anafalikira m'mizinda yambiri, nyimbo zake zofanana, muulutsi nthawi zina atajambula mawu ake ali kutali n'kumamveka ngati wa pomwepo. Kampani ya Cumulus inabweretsa dzina la Nash FM mu 2013, kuyambira ku New York, kugulitsa dzina la Nashville lenilenilo ngati chizindikiro. Mu 2021 wailesi ya ku New York ija inasiya country.

Sindinganene kuti akale anali oyera mtima. A inshuwalansi ndi Brinkley ankafuna ndalama ngati a lero. Chimene ndimadandaula n'chakuti kale wailesi iliyonse inkalera oimba ake, ndipo woimba wokanidwa ku Nashville ankatha kukayesa ku Shreveport kapena ku Wheeling. Pamene mndandanda umodzi wa nyimbo ukutumizidwa ku mawailesi ambiri, makomo ogogodapo amachepa.

Kampani ya National Life inagulidwa mu 1982, ndipo WSM ndi Opry zinapita m'manja mwa kampani ya Gaylord chaka chotsatira. Kumayambiriro kwa 2002 kunamveka kuti eni akewo akuganiza zosandutsa 650 AM kukhala wailesi ya zamasewera. Omvera ndi oimba anasonkhana kunja kwa situdiyo kukatsutsa, makalata ndi mafoni anachokera m'madera akutali amene amaimva usiku wokha, ndipo eni ake analengeza kuti country ikhalabe.